Ndani anadzala mitengo pa zilumba za pakati pa nyanja?

Funso lachokera kwa aphunzitsi ena a pa sekondale yoyendera m'dera la Chamama, ku Kasungu. Akuti: "Ndinkaphunzitsa ana a Fomu 3 za zilumba zimene zinabadwa chifukwa cha kuphulika kwa mapiri pansi pa nyanja. Mtsikana wina anandifunsa kuti, ngati chilumbacho chinatuluka m'madzi chili mwala wamoto, mitengo yake inachokera kuti? Nanga ngati inachokera kumtunda, bwanji mabuku akuti mitengo ina ya kumeneko sipezeka kwina kulikonse? Ndinamuyankha kuti ndi mbalame ndi mphepo, koma ine mwini sindinakhutire. Tithandizeni."

Aphunzitsi, mwana ameneyo musamutaye, ali ndi mutu. Funso lakelo linasowetsa tulo akatswiri a zomera kwa zaka zoposa 100. Yankho munamupatsa lija silolakwika, kungoti lathera panjira. Mbalame ndi mphepo zikutiuza mmene mbewu inafikira, koma sizikutiuza chifukwa chake chomera chimene chili pachilumbapo lero sichikufanananso ndi makolo ake, kapena chifukwa chake zomera zoterezi sizichedwa kutha anthu akangofika. Kwa ine zitatuzi ndi nkhani imodzi, ndiye tiitsate kuyambira pomwe inayambira.

Zilumba zilipo za mitundu iwiri. Zina zinang'ambika kuchoka ku mtunda waukulu zitanyamula kale dothi ndi zomera zake, monga Madagascar ndi zilumba za miyala za Seychelles. Zina ndiye zimene mwana wanu akunena: Hawaii, Galápagos, St Helena, Mauritius, Réunion, Rodrigues. Zimenezi sizinagundanepo ndi mtunda uliwonse. Chiphalaphala chinkatuluka pansi pa nyanja n'kumaunjikana, mpaka nsonga inatulukira pamwamba pa madzi. Tsiku loyamba panalibe ngakhale kaudzu. Chomera chilichonse chachilengedwe chimene chili pamenepo lero, kholo lake linachita kuoloka nyanja.

Izi sizongoganizira ayi, anthu anazionapo ndi maso. Mu Ogasiti 1883 phiri la Krakatau, pakati pa Java ndi Sumatra ku Indonesia, linaphulika n'kupha anthu oposa 36,000, ndipo chigawo cha chilumba chimene chinatsala chinakwiririka ndi phulusa lamoto. Mu 1886 katswiri wa zomera Melchior Treub atapitako anapeza mitundu 26 ya zomera itamera kale, ndipo 11 mwa imeneyi inali ya gulu la fern, zomera zimene zimabereka timbewu tonga fumbi touluka ndi mphepo. Pasanathe zaka 50 panali nkhalango. Koma Krakatau ili pafupi ndi mtunda, makilomita 40 okha. Chitsanzo china ndi Surtsey, chilumba chimene chinatuluka m'nyanja kum'mwera kwa Iceland mu Novembala 1963. Boma linaletsa aliyense kupondapo kupatula ofufuza, kuti aone bwino chimene chibwere chokha. Mu 1965 chomera choyamba chinamera mumchenga wa m'gombe, njere yake itabwera ndi madzi. Kwa zaka 20 zinthu zinkayenda pang'onopang'ono. Cha m'ma 1986 mbalame za kunyanja zinayamba kuikira mazira mwaunyinji pachilumbapo, ndipo pomwe zinkagonapo panabiriwira msanga, chifukwa zinabweretsa njere pamodzi ndi manyowa ake. Mu 1969 panamera ngakhale tomato, ndipo atafufuza anapeza kuti wamera pomwe munthu wina anadzithandiza. Anamuzula. Inu mukudziwa kale za tomato ndi magwafa omera okha kuseri kwa nyumba: njere zambiri zimadutsa m'mimba zili zamoyo.

Kale akatswiri ambiri sankakhulupirira kuti njere ingapirire madzi amchere. Ankati payenera kuti panali mtunda wolumikiza zilumbazi umene unamira. Katswiri wa zachilengedwe Charles Darwin sanalimbane nawo ndi pakamwa pokha. Mu 1855 anadzaza mabotolo ndi madzi amchere kunyumba kwake ku England, n'kuviikamo njere zosiyanasiyana. Mwa mitundu 87, mitundu 64 inamera itakhala m'madzimo masiku 28, ndipo ingapo inamera ngakhale patapita masiku 137. Anaonanso vuto: njere zambiri zimamira, ndiye kupirira mchere pakokha sikukwanira, pokhapokha njereyo ikhale m'chipatso chouma kapena panthambi yoyandama. Anatenganso matope a m'mphepete mwa kadziwe, masipuni atatu okha, n'kuwasunga m'kapu kwa miyezi 6, akuzula ndi kuwerenga chilichonse chomera. Zinamera zomera 537. Matope ngati amenewo ndiwo amakanirira kumapazi a abakha ndi mbalame zina za m'madambo.

Zimenezi mukhoza kuchita ndi ana anu popanda labu. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35 pa lita, ndiye masipuni awiri akuluakulu osasefukira m'botolo la lita imodzi akwanira. Viikanimo nyemba, chimanga, mpiru, tomato, thonje ndi njere za mphonda, muzisintha madzi akayamba kununkha, ndipo sabata iliyonse muzichotsako zingapo n'kufesa. Darwin anapeza kuti za m'banja la nyemba sizichedwa kufa, ndiye anawo aone ngati zitero kwa inunso. Wina apite kudambo akatape matope pomwe pamatera mbalame, muwaike m'mbale pawindo, muzithirira.

Tsono tipite ku Hawaii, chifukwa kumeneko ndiye nkhaniyi yafufuzidwa kwambiri. Zilumbazi zili pamtunda wa makilomita pafupifupi 3,700 kuchokera ku California. Kuli mitundu pafupifupi 1,000 ya zomera zamaluwa zachilengedwe, ndipo 9 mwa 10 iliyonse sipezeka kwina. Akatswiri atatsata mibadwo ya zomerazi anapeza kuti zonsezi zinachokera kwa makolo osapitirira 300, mwina pafupifupi 270. Apa m'pamene mutu umaima, chifukwa ife timaganiza ndi zaka za moyo wa munthu. Kauai, chakale kwambiri mwa zilumba zikuluzikulu za Hawaii, chili ndi zaka pafupifupi 5 miliyoni. Auzeni ana agawe 5 miliyoni ndi 270. Apeza kuti mlendo mmodzi wopambana pa zaka pafupifupi 18,500 zilizonse n'ngokwanira. Chinthu choti sichingachitike m'moyo wa inu, wa ana anu ndi wa zidzukulu zanu, pa zaka zochuluka chonchi chimachitika ndithu, ndiponso kambirimbiri.

Sherwin Carlquist, amene anathera moyo wake pa zomera za pazilumba, anawerengera kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a makolo a zomera zamaluwa za ku Hawaii anabwera ndi mbalame. Zina njere zinali m'mimba, zina m'matope a kumapazi, zina zitamatirira kunthenga. Madzi anabweretsa makamaka za m'gombe, ndipo mphepo, imene anthu amathamangira kuitchula, inabweretsa zochepa kwambiri mwa zamaluwa, ngakhale kuti za gulu la fern zambiri zinadalira iyoyo. Mbalame zoyenda mitunda yotere zilipo. Ife timadziwa namzeze amene amabwera nthawi ya mvula kuchokera ku Ulaya. Ku Hawaii kuli kambalame kotchedwa kolea, kamene kamauluka kuchokera ku Alaska osatera paliponse, masiku atatu kapena anayi. Pa zilumba za Seychelles ndi zina kuli mtengo wa Pisonia umene zipatso zake zimamata ngati ulimbo. Zimakanirira kunthenga za mbalame za kunyanja mpaka nthawi zina mbalame imalephera kuuluka n'kufera pansi pa mtengowo, koma imene yamatiridwa zochepa imakazitula pachilumba china.

Si chomera chilichonse chingayende ulendo wotere, ndipo apa ndikufuna anawo aganizire za nkhalango yathu. Mukayenda m'tchire la Kasungu mwezi wa Okutobala dzuwa lili paliwombo, mumamva kuthetheka m'mitengo ya mombo ndi mtondo. Ndi makoko akuphulika. Amapotokola n'kuponya njere mamita angapo, basi ulendo wathera pomwepo. Njereyo ndi yolemera, siuluka, mbalame siimeza, ndipo sikhala nthawi yaitali isanafe. Mitengo yotere simungaipeze pachilumba cha pakati pa nyanja. N'chifukwa chake nkhalango ya pachilumba imakhala yoperewera mabanja ena athunthu, pomwe mabanja ena, makamaka la mpendadzuwa ndi chisoso, amadzaza paliponse.

Kufika nakonso si kukhazikika. Pa mwambi uja wa chikomekome cha nkhuyu, tizilombo tambiri timene mumatipeza mukang'amba nkhuyu ndi timavu ting'onoting'ono, ndipo ndito timanyamula mungu. Popanda ito mkuyu subereka njere zomera, komanso mtundu uliwonse wa mkuyu uli ndi timavu take. Ndiye ngakhale mbalame itanyamula njere ya mkuyu mpaka ku Hawaii, mtengo ukhoza kumera, kukula, n'kufa wopanda mwana. Ku Hawaii kulibe mkuyu wachilengedwe ngakhale umodzi. Imene ili kumeneko lero anabweretsa ndi anthu, ndipo ina inayamba kufalikira anthu atabweretsanso timavu take. Chimodzimodzi maluwa a banja la chikande, chimene ena amati chinaka. Njere zake ndi fumbi lenileni, zimauluka kutali, koma sizimera popanda kulumikizana ndi mtundu wina wa nkhungu ya m'dothi. Padziko lonse banjali lili ndi mitundu yoposa 25,000, koma ku Hawaii yachilengedwe ilipo itatu yokha. Amene amapambana kawirikawiri ndi zomera zosasankha, zotha kudzipatsa zokha mungu, zomera pamwala kapena pamchenga. Kunena mosabisa, makolo a mitengo yodabwitsa ya pazilumba ambiri anali zitsamba wamba, zonga zimene timalimbana nazo popalira.

Tafika pa funso lachiwiri la mwana uja. Njere imodzi kapena ziwiri zikafika, zimanyamula kachigawo kochepa chabe ka chibadwa cha mtundu wawo. Abale atsala kutsidya, palibenso kusakanizana mungu. Pachilumbapo zapeza malo opanda mwini: gombe louma, chigwa cha mvula, dambo la pamwamba paphiri, thanthwe lozizira. Ana a chomera chimodzi sabadwa ofanana ndendende, mlimi aliyense wosankha mbewu amadziwa zimenezo. Pamalo ouma amapulumuka a masamba osunga madzi, m'nkhalango yowirira amapulumuka otalika. Mibadwo ikapita zikwizikwi, a kuchigwa ndi a kuphiri amasiyana maonekedwe, nyengo yochita maluwa, ngakhale tizilombo towanyamulira mungu. Ndiye yankho kwa mwanayo ndi lakuti: chimene chinachokera kumtunda ndi kholo, koma mtundu umene ulipo lerowu unabadwira pachilumba pompo. Sungapezeke kumtunda chifukwa sunakhaleko n'komwe.

Pa phiri la Haleakalā, pa chilumba cha Maui, limene kutalika kwake n'kongopitirira pang'ono Sapitwa wathu wa mamita 3,002, pamamera chomera chotchedwa silversword. Chimakhala chozungulira ngati mpira, masamba ake osongoka okutidwa ndi ubweya wotuwa wonyezimira umene umachiteteza ku dzuwa ndi chisanu. Chimakhala zaka makumimakumi osachita maluwa, kenako chimatulutsa phesi lotalika kuposa munthu lodzaza maluwa, chimabereka kamodzi kokha n'kufa. Chili ndi abale pafupifupi 30 pa zilumbazo: ena ndi mitengo, ena zitsamba, wina amayanga, ena amangoyala pansi m'madambo. Mutawaika pamodzi simunganene kuti ndi a mimba imodzi. Carlquist atayang'ana mkati mwa masamba ndi matsinde anati kholo lawo ndi kachitsamba konata ka ku California kotchedwa tarweed. Ambiri anakayika, mpaka cha m'ma 1990 Bruce Baldwin ndi anzake atayeza DNA, tinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa, anatsimikiza, ndipo anapeza kuti banja lonselo linayamba kugawikana zaka pafupifupi 5 miliyoni zapitazo. Ofufuza anakwanitsanso kubereketsa za ku Hawaii ndi za ku California, umboni woti ubale ukadalipo.

Banja lina, la lobelia, ndi lalikulu kuposa pamenepa: mitundu 126 kuchokera kwa kholo limodzi limene linafika zaka pafupifupi 13 miliyoni zapitazo. Mwana watcheru afunsa kuti zitheka bwanji, poti Kauai ali ndi zaka 5 miliyoni zokha? Pansi pa nyanja ya Pacific pamasuntha masentimita angapo pachaka kulowera kumpoto chakumadzulo, pomwe gwero la chiphalaphala lili malo amodzi. Chilumba chimabadwa, chimasunthidwa, chimakokoloka n'kumira, kwinaku china chatsopano chikubadwa kumbuyo. Kholo la lobelia linafikira pa zilumba zimene lero zinaphwa n'kutsala miyala ya m'madzi, ndipo zidzukulu zake zakhala zikudumphira pa chilumba chatsopano chilichonse. Ambiri mwa maluwa awo ndi opindika, olingana ndi milomo yopindika ya mbalame za kumeneko zoyamwa timadzi ta m'maluwa.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri chili m'munda mwanu momwemo. Chisoso, chimene timathyola ndiwo chikadali chanthete, njere zake zili ndi timinga tokowa kunsonga, n'chifukwa chake mukadutsa m'munda mwezi wa Epulo mumatuluka thalauza lili bii. Chisoso chathuchi kwawo ndi ku America, chinafika kuno ndi maulendo a anthu. Koma kalekale wachibale wake wina anakowa nthenga za mbalame n'kukafika ku Hawaii, ndipo kumeneko anabala mitundu 19. Mukayang'ana njere za yambiri mwa mitunduyi, timinga tija tinachepa kapena tinatheratu. Chifukwa chake n'chosavuta. Pachilumba chaching'ono, njere yoyenda kutali imathera m'nyanja, pomwe yogwa patsinde pa make imamera. Mbadwo uliwonse oyenda amatayika, okhala amachuluka. Mapeto ake mdzukulu wa katswiri wa ulendo sathanso kuchoka m'chigwa chimene anabadwira. Banja lomweli ku Galápagos, makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera ku Ecuador, linabala Scalesia, mitundu 15, ndipo umodzi umakula kukhala mtengo wopitirira mamita 10 n'kupanga nkhalango. Pomwe panalibe mitengo yopikisana nayo, chitsamba chinasanduka mtengo.

Kuyeza DNA kwavumbula maulendo ena oti munthu sakanawalota. Mtengo wa koa wa ku Hawaii ndi mtengo wina wa pa Réunion, kum'mawa kwa Madagascar, ndi ofanana kwambiri ngakhale pakati pawo pali makilomita pafupifupi 18,000. Kafukufuku wa mu 2014 anasonyeza kuti wa pa Réunion ndi mdzukulu wa koa, ndipo ulendowo unachitika zaka zoposa miliyoni imodzi zapitazo, kulibe munthu woyendetsa ngalawa. Mbewu zathu zomwe zili ndi mbiri zotere. Fodya amene Kasungu amadziwika naye, njere zake zoposa 10,000 zimakwana galamu imodzi, paja pofesa panazale timachita kuzisungunula m'madzi a m'keni. Banja la fodya kwawo ndi ku South America, koma kuli fodya wakutchire ku Australia, ndi mtundu umodzi m'mapiri a Namibia, amene makolo awo anaoloka nyanja anthu asanayambe kulima. Thonje lakutchire lilipo ku Hawaii ndi ku Galápagos, poti njere za thonje zimapirira mchere. Chipanda chotungira madzi kwawo ndi kuno ku Africa, koma anthu a ku America anali nacho kale zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, ndipo umboni wa DNA ukuloza kuti zipanda zinayandama zokha kuoloka Atlantic. Mlambe uli ndi mitundu isanu ndi umodzi ku Madagascar, wathu uno, ndi wina ku Australia.

Muwachenjeze ana kuti si chodabwitsa chilichonse cha pachilumba chinachita kubwera. Pa zilumba za Praslin ndi Curieuse ku Seychelles pali mgwalangwa wotchedwa coco de mer, wa njere yaikulu kuposa ina iliyonse padziko, yotha kulemera makilogalamu oposa 15. Makoko ake ankapezeka atakokoloka m'magombe a Maldives, ndiye anthu ankayesa kuti umayenda panyanja. Zoona zake n'zakuti njere yamoyo imamira. Zoyandamazo zimakhala zitaola kale mkati. Mtengowu sunapite kulikonse. Chilumbacho ndicho chinapatukana ndi India zaka pafupifupi 65 miliyoni zapitazo, makolo a mtengowu ali pomwepo.

Nanga kusowa kwa zomerazi? Mbali ina mwaiona kale. Mtundu umene dziko lake lonse ndi chigwa chimodzi, umenenso sutha kuyenda, moto umodzi ukhoza kuutha. Koma pali china chopweteka kuposa apa. Mbuzi, ng'ombe, nkhumba ndi akalulu sizioloka nyanja zokha, ndiye kwa zaka mamiliyoni zomera za pazilumba zambiri sizinadyedwepo ndi nyama zoterezi. Minga, kuwawa ndi kuyabwa zimadya mphamvu za chomera, ndipo pomwe palibe mdani, chosavutika kupanga zimenezi chimakula msanga. Ku Hawaii kuli zomera zimene abale ake a kumtunda amayabwa kapena kununkhira mwaukali, koma izo zinasiya. Tsiku limene ngalawa inatsitsa mbuzi, zinapezeka zilibe chodzitetezera.

St Helena ndiye chitsanzo chomvetsa chisoni. Chilumbachi chili m'nyanja ya Atlantic, makilomita pafupifupi 1,900 kuchokera kugombe la Africa. N'komwe anatsekera Napoleon mu 1815, ndi mfumu ya Azulu Dinuzulu mu 1890. Apwitikizi anachipeza mu 1502 chili ndi nkhalango, ndipo pasanapite nthawi anasiyapo mbuzi kuti amalinyero azipeza nyama. Mbuzizo zinaswana zikwizikwi n'kumadya mphukira iliyonse, anthu akudula mitengo ikuluikulu, mvula ikukokolola dothi. Mtengo wotchedwa St Helena olive unatsala umodzi kutchire, ndipo unafa mu 1994. Anayesetsa kuubereketsa, koma unali mtundu wokana mungu wake womwe, ndipo unalibe mnzake. Womaliza wa m'munda unafa mu Disembala 2003. Apo ndiye kunali kutha kwake, palibenso pena pokautenga. Mnzake, St Helena ebony, anthu ankati unatha kalekale, mpaka mu 1980 pamene anaona zitsamba ziwiri paphompho pomwe mbuzi sizikanafika. Munthu anatsika ndi chingwe kukadula nthambi, ndipo kuchokera pa ziwirizo adzala zikwi.

Nthawi zina chomera chimatsala koma mnzake wochithandiza n'kutha. Ku Kauai kuli chomera cha m'maphompho chotchedwa alula, cha m'banja la lobelia lija, chimene gulugufe wausiku wonyamula mungu wake anasowa. Kwa zaka zambiri ofufuza ankatsika ndi zingwe pamwamba pa nyanja, kaburashi kali m'manja, kukagwira ntchito ya gulugufeyo. Ku Mauritius akamba akuluakulu amene ankameza zipatso n'kumwaza njere anaphedwa onse, ndiye pa kachilumba ka Île aux Aigrettes anabweretsa akamba a ku chilumba cha Aldabra kuti alowe m'malo, ndipo mbande za mtengo wa ebony zinayamba kumera kutali ndi make. M'mabuku ena mupeza nkhani yoti mtengo wa tambalacoque unasiya kumera mbalame ya dodo itatha. Imeneyo musaiphunzitse ngati yotsimikizika, chifukwa ofufuza a pambuyo pake anapeza mitengo yaing'ono imene inamera dodo kulibe.

Ya pa Rodrigues ndiyo ndikufuna mukawauze ana anu onse. Kumeneko kuli kamtengo ka m'banja la khofi kotchedwa café marron, kamene anthu ankangokadziwa pa chojambula cha mu 1877, ndipo onse ankati kanatha. Cha m'ma 1980 mphunzitsi wina anaonetsa ana ake zithunzi za zomera zosowa n'kuwatuma kuti akafufuze kumudzi. Mnyamata wina anabwera ndi kanthambi kamene anathyola m'mbali mwa msewu. Kanali komweko, mtengo umodzi wokha padziko lonse. Mbiri itamveka anthu anayamba kudulako makungwa ndi nthambi poti ndi mankhwala, mpaka anachita kuuzinga ndi mipanda ingapo. Mu 1986 nthambi zinatumizidwa ku munda wa zomera wa Kew ku London. Imodzi inagwira, inkachita maluwa chaka ndi chaka koma osabereka, mpaka mu 2003 pamene chipatso choyamba cha njere zamoyo chinapezeka. Mbande zochokera kumeneko zinabwezedwa ku Rodrigues.

Ife nyanja yamchere tilibe, koma nsonga ya phiri lalitali imagwira ntchito yofanana ndi chilumba, chifukwa chomera chozolowera kuzizira ndi nkhungu sichingatsike kudutsa chigwa chotentha. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha, ndipo abale ake ena osowa ngati iwo ali kutali m'mapiri a ku South Africa. Matabwa ake amanunkhira, sadyedwa ndi chiswe, n'chifukwa chake macheka sanaupatse mpata. Kuwonjezera apo moto wolusa, nsabwe za m'mitengo, ndi paini wobwera amene analanda malo. Kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a zankhalango ndi midzi yozungulira akhala akufesa mbande m'manazale n'kukazidzala kuphiri. Ntchito yaikulu tsopano ndi kulambula njira zotchinga moto chaka chilichonse, chifukwa mkungudza ukapsa suphukiranso pachitsa, ndipo mbande imafuna zaka zambiri isanayambe kubereka njere zake.